Kodi kalilole wosunthika mu pulojekita angapatsidwe patenti?

Aphunzitsi ena a sayansi a ku sekondale anabwera ku ofesi kwanga, kumene ndimalangiza anthu pa nkhani za patenti, atanyamula katoni ya nsapato m'jumbo. Anaiika patebulo n'kuitsegula mosamala ngati muli mazira. M'kati monse anapakamo utoto wakuda. Kutsogolo anaboolako bowo n'kulowetsapo lenzi yomwe anachotsa pa galasi lokulitsira zilembo, ndipo chapakati panali kalilole wamng'ono womangiriridwa pa hinje ya chitseko cha kabati. Foni anaigoneka pansi m'kati mwa katoniyo, sikirini itayang'ana kumwamba kumene kunali kaliloleyo. Titatseka makatani, chithunzi cha mtima wa munthu chinaonekera pakhoma, chosawala kwenikweni koma mayina a mitsempha ankawerengeka. Akapotokola kabawuti komwe kanatulukira m'mbali mwa katoni, kalilole ankapendekeka ndipo chithunzi chinkakwera kapena kutsika.

"Bambo, ichi ndapanga ndekha, palibe anandionetsa," anatero. "Ndikufuna chikhale changa mwalamulo. Patenti ingatheke?"

Funso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa munthu amene amalifunsa amakhala atachezera usiku wambiri pa chinthu chake. N'chifukwa chake sindimafuna kumunamiza. Ndinawauza kuti kusunthika kwa kalilole pakokha sikungawapezetse patenti ku ofesi iliyonse yomwe imaunika bwino mapempho, koma kuti m'katoni mwawo mungakhale kanthu kena koyenera kukafufuza.

Patenti ndi pangano pakati pa wotulukira luso ndi boma. Iwe umaulula poyera mmene chinthu chako chimagwirira ntchito, mwatsatanetsatane moti katswiri wina atha kuchipanga pongowerenga. Boma limakupatsa mphamvu yoletsa ena kuchipanga, kuchigulitsa kapena kuchiitanitsa kunja kwa nthawi yoikika. M'mayiko ambiri nthawiyo ndi zaka 20 kuchokera tsiku limene unapereka pempho, malinga ndi pangano la TRIPS la bungwe la zamalonda la WTO. Mphamvuyo imathera m'malire a dziko lomwe laipereka. Kuti upatsidwe, chinthucho chiyenera kukhala chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito, ndipo apa pulojekita siivutika. Zovuta ndi ziwiri zinazo: chikhale chatsopano, komanso chisakhale chodziwikiratu kwa munthu wodziwa ntchitoyo.

Mawu akuti chatsopano ndi amene amapweteka anthu ambiri. Lamulo silifunsa ngati unaonera kwa wina kapena ayi. Limafunsa ngati chinthucho chinalembedwapo, kugulitsidwapo kapena kuonetsedwapo poyera kwina kulikonse padziko lapansi tsiku la pempho lako lisanafike, ngakhale m'chinenero chimene sunachimvepo. Ndiye pa nkhani ya mapulojekita, amene anadutsa kale ndi ambiri. Christiaan Huygens wa ku Netherlands anali atapanga kale makina oonetsera zithunzi pakhoma ndi nyali pofika mu 1659. Makina otchedwa episcope, oonetsa tsamba la buku pakhoma, akhala akugwiritsa ntchito kalilole wopendekeka kwa zaka zoposa 100, ndipo chifukwa chake n'chimodzimodzi ndi cha aphunzitsi aja. Lenzi yokha imachititsa kuti zilembo za pa tsamba kapena pa foni zituluke chobwerera, zoyambira kumanja, ndipo kalilole ndi amene amaziwongola. Amene munaphunzira nthawi ya pulojekita ya mapepala oonekera mkati, imene kampani ya 3M inafalitsa m'masukulu ndi m'maofesi m'zaka za m'ma 1960, mukukumbukira kamutu kake kapamwamba. Mphunzitsi ankakagwira ndi dzanja n'kukapendeketsa kuti chithunzi chikwere. Ameneyo anali kalilole wosunthika. M'ndondomeko yomwe maofesi a patenti amasanjira zolemba zawo padziko lonse muli gawo lapadera, G03B 21/28, la akalilole oikidwa m'njira ya kuwala kwa pulojekita. Mukalemba nambala imeneyi pa Espacenet kapena pa Google Patents, malo aulere a pa intaneti ofufuzirapo ma patenti, mudzawerenga mpaka maso kuwawa.

Komabe tiyerekeze kuti palibe anaikapo kalilole wa pa hinje m'katoni ya foni ndendende ngati mmene anachitira aphunzitsiwa. Chikhoza kukhala chatsopano ndithu, koma wounika pempho ku ofesi ya patenti amafunsa funso lachiwiri, lomwe ndi lolemera kuposa loyamba. Amayerekeza katswiri wamba wa ntchitoyo, wodziwa zonse zinalembedwa kale koma wopanda nzeru zotulukira zinthu, n'kumupatsa vuto lomwe iwe unakumana nalo. Chithunzi chikugwera m'munsi mwa khoma, tichite bwanji? Ngati katswiri wotereyu angayankhe mosaganiza kawiri kuti "muikeni kalilole pa hinje", ndiye kuti palibe patenti.

Makhoti a ku America anaiweruzapo nkhani yotereyi, ndipo milandu iwiri imandithandiza kwambiri pofotokozera anthu. Woyamba ndi wa mu 1954, wodziwika ndi dzina loti In re Stevens. Unali wokhudza chogwirira cha ndodo yowedzera nsomba, chomwe chinali ndi kokolowekapo chala kotha kusendezedwa kutsogolo ndi kumbuyo. Khoti linagamula kuti kuchititsa chinthu kukhala chosunthika, pamene kufunika kwa kusunthako kukuonekeratu, si luso loyenera patenti. Mpaka lero buku lomwe ounika mapempho ku ofesi ya patenti ya ku America amatsatira limatchula mlandu umenewu. Wachiwiri ndi wa makampani a KSR ndi Teleflex, womwe khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula mu April 2007, oweruza onse atagwirizana chimodzi. Teleflex inali ndi patenti ya chopondera mafuta cha galimoto chotha kusendezedwa molingana ndi kutalika kwa miyendo ya dalaivala, chokhala ndi sensa yamagetsi youza injini mmene wapondera. Zopondera zosendezeka zinalipo kale, masensa nawonso analipo kale, ndipo makampani a magalimoto anali akusamukira ku injini zoyendetsedwa ndi kompyuta. Khoti linati kuphatikiza zinthu ziwiri zodziwika, chilichonse chikugwira ntchito yake yakale n'kutulutsa zomwe aliyense akanayembekezera, n'chinthu chodziwikiratu. Ku Ulaya ounika amayendera njira yawo, yoyamba ndi kupeza chinthu chakale chofanana kwambiri ndi chako kenako n'kufunsa vuto lomwe kusiyanako kwathetsa, koma pa kalilole wa pa hinje amakafika pamodzimodzi.

Musaganize kuti akalilole osunthika anatha kupatsidwa patenti. Pulojekita zambiri zomwe timaonera mpira ndi kuphunzitsira masiku ano, ndi zambiri za m'nyumba zoonetsera makanema, zimadalira luso lotereli. Larry Hornbeck, katswiri wa fizikisi ku kampani ya Texas Instruments, anayamba mu 1977 kuyesa timagalasi tating'ono topindika pang'onopang'ono molingana ndi mphamvu ya magetsi. Kwa zaka pafupifupi 10 sizinkayenda, chifukwa timagalasito sitinkapindika mofanana ndipo chithunzi chinkatuluka chamawangamawanga. Mu 1987 anasintha maganizo onse. M'malo mofuna kuti kagalasi kaime paliponse pomwe wakafuna, anakapatsa malo awiri okha, kupendekera uku kapena uko. Kakapendekera mbali imodzi kamaponya kuwala mu lenzi ndipo kadontho kamawala pakhoma, kakapendekera mbali inayo kuwala kumatayidwa ndipo kadonthoko kamada. Kagalasi kalikonse n'ka aluminiyamu, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, kokhala pa kahinje kopotoka, ndipo kamakokedwa ndi magetsi ochokera m'kachipangizo kosunga uthenga komwe kali pansi pake. Kamapendekeka ndi madigiri a pakati pa 10 ndi 17 okha, koma kamatero maulendo masauzande pa sekondi imodzi, ndipo kuwala kwapakatikati kumabwera chifukwa cha kutalika kwa nthawi yomwe kakhala mbali yowala. Pa kachipu koonetsa chithunzi cha madontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi pamakhala timagalasi 2,073,600. Luso limeneli ndi lomwe limatchedwa DLP, ndipo mapulojekita ake anayamba kugulitsidwa mu 1996.

Tayang'anani kusiyana kwake. Hornbeck sanapatsidwe patenti chifukwa chonena kuti kalilole azisuntha. Anaipeza chifukwa panali vuto lomwe linakanika akatswiri kwa zaka zambiri, iye n'kulithetsa m'njira yomwe anzake sankaiyang'ana, kenako n'kufotokoza kapangidwe kake, hinje, poimira kagalasi ndi mmene magetsi amakakokera. Zaka 10 za kulephera zija ndi umboni wabwino kwambiri pamaso pa wounika, chifukwa chinthu chodziwikiratu sichivutitsa akatswiri nthawi yaitali chotero. Ndionjezerepo kuti mwini wa ma patenti amenewo anali Texas Instruments, osati Hornbeck, poti anatulukira lusolo ali pantchito ya kampaniyo. Ngati mwalembedwa ntchito ndipo mwapanga chinthu ndi zipangizo za abwana anu, werengani kontirakiti yanu musanawononge ndalama.

Tsopano kanthu kena kaja m'katoni ya aphunzitsi. Aliyense amene anapendeketsapo kalilole wa pulojekita amadziwa kuti kukweza chithunzi kumabwera ndi mavuto ake. Kalilole akapendekeka ndi digiri imodzi, kuwala kumakhota ndi madigiri awiri, ndiye kusuntha pang'ono kumaponya chithunzi kutali. Chithunzicho chimatambasuka kumwamba n'kupanikizika m'munsi, ndipo mbali ina imaoneka bwino pamene ina yachita chimbuuzi. Aphunzitsiwa anavutika nazo miyezi ingapo, mpaka anakunga kawaya ka sipoko ya njinga kuchokera pa hinje kukafika pa chogwirira lenzi, mopindika mwanjira yakuti akapotokola bawuti, lenzi nayo inkasuntha pang'ono ndipo zilembo sizinkazimirira. Iwo ankakaona ngati kongothandizira. Kwa ine kawaya kameneka ndi komwe kanali ndi nkhani. Sindinawalonjeze kanthu, chifukwa mfundo yopendeketsa lenzi kuti chithunzi chonse chioneke bwino pa malo opendekeka ndi yakale. Theodor Scheimpflug wa ku Austria anailemba mu patenti yake ya ku Britain ya mu 1904. Mfundoyo sangaitenge kukhala yawo. Koma njira yawo yolumikizira zinthu ziwirizi ndi dzanja limodzi, popanda mota kapena kompyuta, ndi yomwe ikanayenera kufufuzidwa.

Apa m'pamene pali ntchito ya ife alangizi. Kumapeto kwa pempho lililonse kumakhala ziganizo zomwe timazitcha claims, ndipo zimagwira ntchito ngati malire a munda. Ukalemba kuti "pulojekita yokhala ndi kalilole wosunthika", walowerera minda ya anthu ambirimbiri ndipo wounika adzakubweza. Ukalemba kuti kalilole walumikizidwa ku lenzi ndi mkono wopindika motere, womwe umasuntha lenzi mwakutimwakuti, munda wachepa koma ukhoza kukhala wako. Ukauchepetsanso kwambiri, wopikisana nawe amangosintha kachidutswa kamodzi n'kudutsa m'mphepete. Kupeza poima pakati pa ziwirizi ndi chifukwa chake sindilangiza munthu kulemba yekha ziganizo zimenezi.

Pali chitetezo china chomwe anthu amachisokoneza ndi patenti. Ngati chomwe mwapanga n'chokongola mwapadera, maonekedwe ake akunja angalembetsedwe paokha, ndipo ku European Union chitetezo chimenechi chimatha kufika zaka 25. Koma chimateteza maonekedwe basi, osati kagwiridwe ka ntchito ka m'kati. Palinso patenti yaing'ono yotchedwa utility model, yopezeka ku Germany, China ndi Japan kwa zaka 10, yomwe imatuluka msanga komanso motchipa. Kwathu kuno bungwe la ARIPO, loona za patenti m'mayiko angapo a mu Africa, lomwe likulu lake lili ku Harare, limalandira mapempho a mitundu itatu yonseyi pansi pa pangano la Harare la mu 1982, ndipo ndi pempho limodzi munthu akhoza kusankha Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi mayiko ena a m'panganolo. Ukapereka pempho la patenti m'dziko limodzi, pangano la Paris la mu 1883 limakupatsa miyezi 12 yoti ukapereke kwina tsiku lako loyamba lija likuwerengedwabe.

Ndinawauzanso chinthu china chomwe chinawamasula nkhope. Kusapeza patenti sikuletsa munthu kupanga ndi kugulitsa chinthu chake. Zonse za m'ma patenti akale omwe nthawi yawo inatha ndi za aliyense, ndipo patenti yomwe sinalembetsedwe m'dziko lanu ilibe mphamvu m'dzikomo. Akanatha kupanga makatoni awo n'kugawira masukulu oyandikana nawo popanda kupempha kwa munthu, bola atafufuza kuti palibe patenti yamoyo kuno yomwe akuiponda.

Tili pafupi kumaliza ndinawafunsa funso lomwe ndimafunsa aliyense. "Aphunzitsi, ndani wachionapo chimenechi?" Anayankha kuti ana a m'kalasi mwawo anajambula vidiyo n'kuiika pa Facebook miyezi iwiri yapitayo. Mtima unandigunda, chifukwa ku Ulaya chinthu chikaululidwa poyera pempho lisanaperekedwe, ngakhale ndi mwini wake yemwe, chimaleka kukhala chatsopano, ndipo ku America amangokupatsa chaka chimodzi kuchokera tsiku louluralo. Tinaionera vidiyoyo kangapo pa foni yawo. Inkaonetsa katoni yotseka, dzanja likupotokola bawuti, ndi ana akukuwa chithunzi chikamakwera. Chivundikiro sichinatsegulidwe, ndipo kawaya ka sipoko sikanaoneke paliponse. Tinalemba tsiku lomwe vidiyoyo inaikidwa, ndinawapempha kuti asatsegulenso katoniyo pamaso pa munthu mpaka titamaliza kufufuza, ndipo anaimata ndi selotepi tisanatsegule makatani.