"Koma ndikunena zoona" sichotsa chiletso cha khothi

Chilengezereni khothi mu 2025 kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkamangitsa anthu pa mlandu woipitsa mbiri, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ambiri kuno ku Kasungu akuganiza kuti pakamwa patseguka. Ayi ndithu. Amene mwamuipitsira mbiri akhozabe kukusumirani, ndipo High Court ikhoza kukuletsani kubwereza mawuwo mlandu usanathe.

Chiletsocho chikakufikani m'manja, nkhani yakuti munkanena zoona imayamba yadikira. Kuphwanya chiletso ndi mlandu wonyoza khothi, ndipo jaji pa mlanduwu safunsa, mwachitsanzo, ngati msungichuma wa kalabu ya fodya anadyadi ndalama za fodya amene munagulitsa ku msika wa Chinkhoma. Amafunsa izi: lamulo linali lomveka, munalidziwa, ndipo munaliphwanya dala? Wodandaula ayenera kupereka umboni wosasiya chikayiko, monga pa mlandu waupandu, chifukwa mapeto ake akhoza kukhala chindapusa kapena ndende. Koma masiku ano umboniwo suvuta. Screenshot imodzi yooneka tsiku ndi nambala yanu, basi.

Zomvetsa chisoni n'za munthu amene mwina analidi ndi umboni, malisiti ali m'chikwama, koma mtima unamupsa usiku n'kuponya voice note pa gulu la WhatsApp: "Uja wa njinga yamoto yofiira uja, mukumudziwa." Dzina sanatchule, inde. Nanga pagulupo ndani sanamuzindikire? M'mawa wafufuta, koma anthu asunga kale. Wina amatuma mlamu wake kuti alembe pa Facebook, osadziwa kuti akumukokera m'dzenje lomwelo, poti wothandiza kuphwanya chiletso akuchidziwa nayenso amayankha mlandu.

Ngati chiletso chinaperekedwa inu kulibe, kapena mukuona kuti n'cholakwika, pitani kwa loya sabata yomweyo akapemphe khothi ku Lilongwe kuti lichichotse kapena kuchisintha. Mpaka jaji atatero, khalani chete. Ndalama zikavuta, kuli Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Madobadoba oyendayenda pa boma, onena kuti "pepalali n'longoopseza," asiyeni. Tsiku la mlandu sadzaoneka. Funsani ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ngati munthu wodzitcha loyayo ali ndi chiphaso.

Ngati mwaphwanya kale, fufutani zonse lero, lekani kuyankha ndemanga za anthu, ndipo loya akonze chikalata cholumbira chopepesa khothi musanaitanidwe. Kupepesa kwa mfumu ndi nkhuku m'manja kumathandiza pamudzi, koma lamulo munaphwanyalo ndi la jaji.