Nesi akakuwa ku leba sikuti wabalalika

Ndatopa nazo zomva ma gadiyani panja pa mateniti akunong'onezana kuti "nesi uja sadziwa ntchito, magazi atangoyamba anakuwa kuitana anzake." Abale anga, kukuwako ndiye ntchitoyo. Mayi akachira nkuyamba kutaya magazi opitirira theka la lita, chiberekero chili lende osalimba, atha kutisiya pasanathe maola awiri, pomwe ine manja ndili nawo awiri basi. Ndikutikita mimba kuti chiberekero chilimbe, nanga dripi ayike ndani, oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, akatenge mu fuliji ndani, BP ayeze ndani? Pambalipo pali khanda lomwe silinalire, ilo lili ndi mphindi imodzi yokha yoti tilipukute, tilitikite kumsana, likakana tiyambe kulipopera mpweya ndi ambu bag. Munthu mmodzi zonsezo?

Pali usiku wina umene sundichoka. Ndinali pa helefi senta ina yakumudzi, kunabwera mayi wa mimba yachisanu cha m'ma 9, njira itangotseguka masentimita 3 koma mimba ikupotokola motsatizana osapumira. Ndinafunsa apongozi ake katatu konse, "amayi, wamwako kalikonse kunyumba?" Iwo ayi ndithu, nkhope gwa. Cha m'ma 1 ululu uja unangoti zii, mtima wa mwana osamvekanso, mayi thukuta lozizira. Magetsi anali atathima. Attendant anathamanga kukadzutsa medical assistant, mlonda anatigwirira tochi ya pafoni ine ndikusaka mtsempha, dalaivala wa ambulansi sanachedwe, tinaimbiratu kuboma kuti clinical officer ndi wogonetsa akonze thiyeta, a ku labu asake magazi. Aliyense anagwira pake, mpaka mlonda. Anakapeza chiberekero chitang'ambika, mwana atapita kale, mayi anapulumuka koma chiberekero anachotsa. Kutacha mpamene apongozi aja anaulula kuti anammwetsa mwanamphepo kuti achire msanga.

Akanandiuza nthawi ya 9 ija, ambulansi ikananyamuka nthawi ya 9 yomweyo. Zimandiwawa mpaka pano.

Inu gadiyani muli m'timu yomweyi, mufune musafune, chifukwa zakunyumba mumazidziwa ndinu. Tiuzeni matenda anayamba nthawi yanji, nsupa inasweka liti, munayamba mwadzera kwa azamba kapena kwa asing'anga. Inde boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007 koma ife si apolisi, sitimanga munthu, bweretsani ndi kabotolo komwe ka mankhwalawo tikaone. Buku la kusikelo lisatsale. Ndipo tikanena kuti mayiyo tikumutumiza kuchipatala chachikulu, chonde musayambe zoti tidikire bambo ake kapena malume avomereze, muziwaimbira muli kale mu ambulansi.