Vinyo wofiira wolemera amafuna kuzizira musanamuweruze

M'mashopu ena pa boma la Kasungu, botolo la vinyo limakhala pa shelefu yowombedwa ndi dzuwa mwezi wa Okutobala wonse. Wogula akalawa n'kukwinya nkhope amadzudzula mphesa, pomwe chaononga vinyoyo ndi kutentha. Musanalipire yang'anani pakamwa pa botolo. Chitsekero chikakhala chotukuka, kapena pakhosi pakaoneka mzere wa vinyo wouma, lisiyeni. Vinyo wotero amakoma ngati zipatso zophika ndipo sabwereranso mwakale.

Kunyumba nako kutentha kumapusitsa. Vinyo wofiira wolemera, kutanthauza wamphamvu m'kamwa, monga Shiraz wa ku Barossa Valley ku Australia, Malbec wa ku Mendoza ku Argentina ndi Pinotage wa ku South Africa kawirikawiri amakhala ndi mowa wa maperesenti 14 mpaka 15. M'chipinda chotentha madigiri 30, mowawo umathamangira m'mphuno n'kuphimba fungo lina lonse. Vinyoyu amafuna madigiri 16 mpaka 18, choncho ikani botolo m'firiji kwa mphindi 30 kapena kupitirirako pang'ono. Mukaziziritsa mopyola, fungo limabisala ndipo m'kamwa amakhakhala kwambiri.

Thirani pang'ono, osafika theka la tambula, kuti pakhale malo ozunguza. Pendeketsani tambulayo pamwamba pa pepala loyera. Malbec wosakhalitsa amaoneka wofiira mopita kukuda. Vinyo wa zaka ziwiri zokha akaoneka wabulauni m'mphepete, ndiye kuti mpweya unalowa.

Zunguzani, kenaka nunkhizani. Shiraz amabwera ndi fungo la zipatso zakuda ndi tsabola wakuda. Carmenère wa ku Chile, yemwe mpaka 1994 alimi akumeneko ankamuyesa mtundu wina wa mphesa wotchedwa Merlot, amamveka tsabola wobiriwira. Pinotage, mtundu umene Abraham Perold anapanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi za Cinsaut, amanunkhira maula ndi kautsi, koma wopangidwa mosasamala amanunkha mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo. Cabernet Sauvignon wokhalitsa amakhala ndi fungo la fodya wouma, ndipo kuno palibe wofunika kumuphunzitsa fungo limenelo. Mukamva fungo la katoni yonyowa, chitsekero ndicho chaononga vinyo. Mukamva viniga, wasasa.

Chiweruzo chenicheni chili m'kamwa. Lawani pang'ono, vinyo ayende pa lilime ndi m'nkhama kwa masekondi 10. Kuuma komwe mumamva m'nkhama, konga kwa masuku osapsa, kumachokera ku ma tannin a m'makoko ndi m'njere za mphesa. Si chilema. Funso ndi lakuti, kodi kukoma kwa zipatso kukukwanira kunyamula kuumako? Asidi mumamudziwa ndi malovu otuluka m'mbali mwa lilime. Akachepa, vinyo wolemera amatopetsa pa tambula yachiwiri. Mowa uzifunditsa pakhosi, osati kuotcha. Mukameza kapena kulavula, werengani masekondi. Kukoma kukazimiririka nthawi yomweyo, vinyoyo ndi wamba ngakhale mtengo wake ukhale wokwera chotani. Kulemera pakokha sikupanga vinyo kukhala wabwino, ndipo ambiri amagwa m'mbuna imeneyi.

Wouma kwambiri musafulumire kumutaya. Mutsanulireni m'jagi yagalasi, akhale ola limodzi, kenaka mumulawe ndi kanyenya wa mbuzi, chifukwa mafuta a nyama amafewetsa ma tannin. Wotsala m'botolo mutseke bwino, asungidwe m'firiji, ndipo mumumalize pasanathe masiku atatu kapena anayi.