Bokosi la madandaulo lopanda kanthu

Chaka chatha ndinkachita kafukufuku pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira kuno ku Lusaka. Inali itangosiya kulemba katundu m'mabuku n'kuyamba kugwiritsa ntchito kompyuta. Bwana wamkulu ananditengera pakhomo pa ofesi yake, pomwe panapachikidwa kabokosi ka thabwa kokhoma ndi loko. "Mayi, miyezi isanu ndi umodzi tsopano, simunalowe kalata ngakhale imodzi. Anthu anga ndi okhutira." Nditafunsa amene amasunga kiyi, anasisita thumba la jekete yake.

Ife ofufuza za kusintha kwa mabungwe ndi chilungamo pa bizinesi, bokosi lotere limatidetsa nkhawa kuposa lodzaza. Amene anatitsegula maso ndi Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard ku America, m'kafukufuku wake wofalitsidwa mu 1996. Ankawerenga zolakwa zochitika popereka mankhwala m'zipatala, akuyembekezera kuti magulu a anamwino ogwirizana bwino apezeka ndi zolakwa zochepa. Manambala anamutembenukira: magulu abwinowo ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atayang'anitsitsa anaona kuti kusiyana kunali pa kuulula. Kumene mkulu sakalipira, munthu akalakwitsa amanena. Kumene kuli ukali, cholakwa chimakwiriridwa, ndipo buku limaoneka loyera. Mu 1999 analemba zambiri za mkhalidwe umenewu, womwe akatswiri amautcha psychological safety, kutanthauza kuti wantchito angathe kuyankhula osaopa kunyozedwa kapena kulangidwa.

N'chifukwa chake sitikhulupirira mapepala a mafunso okha. Pa kampani ija pafupifupi onse anachonga kuti zonse zili bwino. Zenizeni ndinazimva tsiku lachinayi, tikudya nsima ya kapenta kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Bambo wina wachikulire, woyang'anira sitolo, anasamba m'manja, anayang'ana uku ndi uku, kenako anati: "Mwana wanga, kompyutayo ilibe mlandu. Matumba a simenti amatuluka madzulo opanda lisiti, amati tilemba mawa. Kale ndinkakonza ndi pensulo. Tsopano makina akaonetsa kuperewera, wakuba ndine." Akuluakulu ankati antchito akukana kusintha chifukwa cha ulesi ndi ukalamba. Bamboyu ankaopa kusenza mlandu wa eni ake.

Lamulo lilipo ndithu. Zambia inakhazikitsa Public Interest Disclosure (Protection of Whistleblowers) Act mu 2010 kuti oulula zachinyengo atetezedwe, ndipo Anti-Corruption Commission imalandira madandaulo a ziphuphu. Koma munthu wa kontilakiti ya chaka chimodzi, amene lendi ikumudikira ku Kanyama, sawerenga lamulo poyamba. Amawerenga nkhope ya bwana. Makolo anati chetechete sautsa nyama, koma mlenjeyo ayenera kudziwa kaye kuti nyamayo ikadzuka simupha.

Mu lipoti langa sindinatchule dzina la munthu, monga malamulo a kafukufuku amanenera. Ngakhale udindo wa bamboyo ndinaubisa, chifukwa woyang'anira sitolo anali mmodzi yekha. Ndinalangiza kuti katundu asatuluke popanda lisiti, kaya walamula ndani, komanso kuti kiyi wa bokosi asungidwe ndi munthu wakunja wowerengera ndalama za kampaniyo. Za lisiti bwana anavomera pomwepo. Za kiyi anati aganizirabe.