Mwana akatupa mapazi, milandu ya tsempho idikire

Sabata siitha osamva mawu awa pa sikelo: "Anesi, kufupikaku ndi mtundu wawo." Kapena awa, omwe amandiwawa koposa: "Watupa chifukwa bambo ake anamusempha." Ndakhala namwino kuno ku Thyolo zaka zambiri, ndipo mawu amenewa ndatopa nawo.

Za mtundu sindichedwapo. Mwana amene akukula bwino, sikelo yomwe anabadwa nayo imawirikiza kawiri pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, katatu pofika chaka. Kaya kwawo ndi aafupi, mzere wa m'buku la kusikelo uyenera kukwera basi. Ukagona miyezi iwiri itatu, kapena kuyamba kutsika, ndiye kuti chakudya chikuperewera kapena pali matenda. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Onsewo ndi mtundu? Msinkhu umene mwana wataya kuyambira ali m'mimba mpaka zaka ziwiri, masiku 1,000 aja timakuuzani, ndi wovuta kuubweza, ndipo ubongo nawo umatsalira.

Pali kamtsikana kena kamene sindikaiwala. Kanali ka chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Mayi ake ankathyola tiyi ku esiteti, kuchoka kusanache, kubwera dzuwa litapendeka. Mwana ankatsala ndi agogo, akumwa phala la ufa woyera lamadzimadzi, lothira mchere wokha. Mayi atazindikira kuti ali ndi pakati pena, anamuletsa kuyamwa tsiku limodzi, ati mkaka wawola. Posakhalitsa mapazi anayamba kutupa.

Ankhoswe anakhala pansi. Bambo anafunsidwa za mayendedwe awo, anakana, banja linatsala pang'ono kutha. Mwana anamutengera kwa sing'anga, anamutema mphini, anamumwetsa mankhwala omwe anamutsegula m'mimba masiku angapo. Zonsezi zinadya masabata atatu. Pofika kwa ife nkhope inali yotupa, tsitsi lofiirira lothothoka, khungu likusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Sankalira n'komwe. Tinamutumiza ku wodi ya ana onyentchera, anamuyamba mkaka wapadera wa ana otere wotchedwa F-75, koma pa tsiku lachitatu anatisiya. Agogo akulira ankangoti, "Komatu anali wonenepa mwanayu." Sanali mafuta amenewo, anali madzi.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi buku lake. Nditalitsegula ndinapeza dzanja langa lomwe. Ali ndi miyezi 15 anabwera kudzabayitsa katemera wachiwiri wa chikuku, mzere unali utagona kale, ine ndinangoti, "Mayi, muzimudyetsa bwino," n'kuitana wotsatira. Sindinafunse amene amatsala naye, kapena chimene chimalowa mumphika. Katemera atatha sanabwerenso, monga amachitira ambiri. Chonsecho pakhomopo panali nandolo, mtengo wa mapeyala ndi nkhuku zoikira, mazira n'kumapita kumsika.

Ndiye tamvani. Mukaona mapazi a mwana atupa, dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, n'kuchotsa. Pakatsala kadzenje mbali zonse, nyamukani tsiku lomwelo kupita kuchipatala. Osati mawa, osati malume akabwera kuchokera ku Luchenza kudzagamula. Mwana wotere thupi lake lilibe mphamvu yolimbana ndi kuzizira, kutsegula m'mimba kapena chilonda cha lumo, ndipo mankhwala "otsuka m'mimba" ndiwo amamumaliza. Mabotolo a mavitamini ogulitsa anyamata pamsika aja nawo musataye nawo ndalama.

Chiponde kuchipatala cha boma ndi chaulere, koma ndi mankhwala a mwana wodwalayo. Si chogawana ndi akulu ake, si chopaka pa buledi wa abambo. Mayi woyembekezera akhoza kupitiriza kuyamwitsa, mkaka suwola. Ndipo agogo, inu amene mumatsala ndi adzukulu, phala likhale lolimbirako, la mgaiwa, muthiremo nsinjiro, dzira, bonya wosinja kapena kasupuni ka mafuta, masana mumuphwanyire peyala. Dzira silinadwalitsepo mwana matenda akugwa.

Ngati abambo ali ndi mlandu, ankhoswe adzauzenga. Adzakupezani kuwodi, nthawi yoonera odwala.