Musanalipire makompyuta a mu ofesi, onani kuti muli Windows yanji

Ndatopa nayo nkhani iyi. Abwana a ofesi ina kuno ku Zomba amandiitana, makatoni akadali pakona, n'kundiuza kuti ndilumikize makompyuta onse atsopanowo ku seva kuti wantchito aliyense azilowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Ndikayatsa imodzi ndimapeza Windows 11 Home, ndipo ndalama zapita kale.

Home siilowa mu domain, dongosolo lomwe seva imayang'anira nalo makompyuta ndi maina a wantchito onse. Si waya wavuta, si ine ndalephera. Microsoft anaipanga choncho chifukwa ndi ya pakhomo. Ilibe Group Policy, chomwe timaikira malamulo pa makina onse nthawi imodzi, monga kuletsa mafulashi achilendo. Ilibe BitLocker yoti inu muziyang'anira, yomwe imatseka hadi disiki kuti wakuba asawerenge zamkati. Simungailowenso muli kutali kudzera pa Remote Desktop. Zonsezi zili mu Pro, mtundu wa Windows wa mabizinesi. Za Enterprise musataye nazo nthawi ngati muli anthu khumi kapena makumi awiri. Imeneyo ndi ya mabungwe akuluakulu ogula malaisensi ambiri pamgwirizano, ndipo imaikidwa pamwamba pa Pro, osati pa Home.

Kugula Home molakwitsa kumakonzeka. Microsoft amagulitsa laisensi yokwezera ku Pro pa madola 99 pa kompyuta imodzi. N'zowawa ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu, koma ndiyo njira yoongoka. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chomwe anthu amachita akamva mtengowo.

Pali ofesi ina yomwe siindichoka m'mutu. Nditawauza mtengo, anati aganize kaye. Kenako anapeza mnyamata wina yemwe anati zonsezo achita ndi ya sopo basi. Anabwera ndi fulashi yake, nazimitsa Windows Defender, antivayirasi yobwera ndi Windows, pa kompyuta iliyonse chifukwa kapulogalamu kake kobera laisensi sikakanatheka kuyenda chitetezo chili choyatsa. Makina onse analembadi kuti Pro, abwana nasangalala. Chitetezo chija sanachiyatsenso. Patapita miyezi ingapo anandiimbira m'mawa kwambiri. Ndinapeza mayi wowerengera ndalama atagwira m'mutu patsogolo pa sikirini, mafayilo onse a malipiro atasintha maina, osatseguka, pali uthenga wofuna dipo. Kope lina la mafayilowo linali pa hadi disiki yomwe inali yolumikizidwa ku kompyuta yomweyo, nayonso itatsekedwa. Mayi aja analemba zonse mwatsopano kuchokera m'mapepala, mpaka kumagwira Loweruka. Mnyamata uja foni yake inali itasiya kupezeka. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndikanalimbikira kwambiri tsiku lija anati aganize kaye.

Choncho munthu akakuuzani kuti akuikirani Pro kwaulere kapena pamtengo wa basiketi ya tomato, mufunseni laisensi wayitenga kuti. Akayamba kuzungulira, musamulole kukhudza makina anu. Akanena kuti tizimitse kaye antivayirasi, mutulutseni.

Ena mukuti inu sizikukukhudzani poti muli pa Windows 10 Pro ndipo ikuyenda bwinobwino. Microsoft anasiya kuithandiza pa 14 October 2025. Kompyuta imayakabe, inde, koma mabowo atsopano achitetezo sakutsekedwanso pokhapokha mutalowa dongosolo lapadera lowonjezera nthawi, lomwe mabizinesi amalipira. Mwezi uliwonse mukuchedwa, chiopsezo chikukula. Apa ndi pomwe makompyuta a kaunjika amagwetsa anthu. Ma Dell OptiPlex ndi ma HP ochokera m'maofesi akunja nthawi zambiri amabwera ndi laisensi yeniyeni ya Pro, zomwe ndi zabwino. Koma Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo ka mkati mwa kompyuta, ndipo purosesa ikakhala ya Intel izikhala ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ambiri otchipa omwe ndimawaona ndi a m'badwo wa 6 kapena 7. Wogulitsa akhoza kuikakamiza Windows 11 kuti ilowe, koma Microsoft sakulonjeza kuti makina otero azilandira zokonza zonse.

Pa kotesheni palembedwe "Windows 11 Pro" ndi m'badwo wa purosesa, osangoti "Windows". Katundu akafika, kaya wachokera ku Blantyre kaya mommuno, yatsani kompyuta iliyonse wogulitsa ali pomwepo, pitani pa Settings, System, About muwerenge nokha, kenako pa Activation muone ngati laisensi ili yovomerezeka. Cheke musaine pambuyo pake.