Bala la pa mtembo limatchula dzina la wakupha

Ntchito yanga ndi yodula ndi kulumikiza zithunzi za mafilimu, ndipo achinyamata akabwera kudzaphunzira ntchitoyi ndimakonda kuyamba ndi mafilimu akale a malupanga a ku Hong Kong. Ambiri amakhazikika pampando kudikira ndewu. Ine ndimaimitsa filimu pamene palibe amene akumenyana. Mtembo uli kwala pansi. Mwamuna wovala mkanjo wautali wagwada pambali pake, lupanga lili m'chimake, ndipo akufunyulula kolala ya womwalirayo ndi zala ziwiri. Pakhosi pali kabala kakang'ono, kowongoka, magazi ake osakwana ndi supuni yomwe. Mwamunayo amayang'anitsitsa kabalako, kenako n'kudzuka pang'onopang'ono, nkhope itasintha. Wadziwa dzanja limene lachita zimenezi, ndipo n'kutheka kuti mwini dzanjalo anamwa naye mowa dzulo lake.

Chithunzi chotere chimabwerezedwa m'mafilimu ambiri a mtundu umenewu, ndipo kukoma kwawo konse kumayambira pamenepo.

Atchaina amatcha nkhani zimenezi wuxia. Mawuwa ndi awiri ophatikana: wu ndi za nkhondo ndi kumenya, xia ndi munthu wolimba mtima amene amaimira ofooka popanda womutuma. Anthu amenewa amakhala m'dziko lawolawo lotchedwa jianghu, kutanthauza mitsinje ndi nyanja. Jianghu simungaipeze pamapu. Ndi moyo wa m'misewu, m'nyumba za alendo, m'madoko ndi m'mapiri, kutali ndi mfumu ndi makhoti ake. Kumeneko kuli magulu a ankhondo, gulu lililonse ndi mphunzitsi wake, malamulo ake ndi kamenyedwe kake kachinsinsi kamene sikaphunzitsidwa kwa mlendo. Munthu akaphedwa ku jianghu palibe woti n'kukamuuza. Wofufuza, woweruza ndi wopereka chilango amakhala munthu mmodzi yemweyo wa lupanga.

Tsono chinsinsi cha kamenyedwe chija ndicho chimasandutsa filimu ya ndewu kukhala filimu yofufuza mlandu. Ngati gulu lililonse lili ndi njira yakeyake yobayira, ndiye kuti bala ndi siginecha. Wapolisi wa masiku ano amayang'ana zidindo za zala. Munthu wa ku jianghu amayang'ana kuya kwa bala, kumene lupanga linalowera, mtundu wa chiphe, kapena chizindikiro cha chikhatho pachifuwa. Ndipo poti aliyense akudziwa kuti bala limalankhula, wakupha wochenjera amaphunzira kamenyedwe ka mnzake kuti mlandu ugwere wina. Apa m'pamene nkhani imapotana, chifukwa umboni womwe unaoneka wosatsutsika ukhoza kukhala msampha.

Filimu imene imaonetsa zimenezi poyera kwambiri ndi Five Deadly Venoms ya mu 1978, imene anatsogolera Chang Cheh. Mphunzitsi wokalamba ali pafupi kufa, ndipo mtima wake suli m'malo chifukwa cha ophunzira ake asanu akale. Aliyense anamuphunzitsa kamenyedwe ka kanyama kamodzi: namkalizi wa liwiro ngati ali ndi manja zana, njoka yolasa malo ofewa a thupi, chinkhanira chodalira mateche, nalimata woyenda pakhoma, ndi chule wa khungu losalowa chitsulo. Vuto n'lakuti onse ankaphunzira atavala zigoba kumaso, ndipo si onse amene amadziwana. Mkuluyo amatuma wophunzira wake wotsiriza, amene anangolawa pang'ono kamenyedwe kalikonse, kuti akawafune m'tauni ina ndi kuona amene asanduka zigawenga. Mnyamatayo alibe chithunzi, alibe dzina. Chomwe ali nacho ndi maso. Ayenera kudikira kuti wina amenye, aone mmene phazi lanyamukira, n'kunena mumtima kuti uyu ndi uje.

Taonani zimene zimachitika kwa woonera. Ndewu iliyonse imakhala ikuyankha funso. Banja lina likaphedwa usiku chifukwa cha chuma chobisika, inu mumayamba kuwerenga: awiri ndawadziwa, nanga chinkhanira ndani? Munthu wosalakwa akanamiziridwa mlanduwo pamaso pa woweruza wolandira ziphuphu, mumapsa mtima chifukwa mukudziwa zoona pamene bwalo likukana kuzimva. Ndimakonda filimuyi kaamba ka chilungamo chake kwa woonera. Chilichonse chofunika kuti mupeze yankho anakupatsani m'mphindi zoyambirira, pamene mphunzitsi ankafotokoza kamenyedwe ka aliyense. Otsala ndi inu.

Kusakaniza lupanga ndi kufufuza milandu sikunayambe ndi kanema. Ku China kuli mtundu wakale wa nthano wotchedwa gong'an, nkhani za milandu ya m'bwalo. Zambiri zimakamba za Bao Zheng, nduna yeniyeni imene inakhala ndi moyo kuyambira 999 mpaka 1062, mu ulamuliro wa Song, ndipo inatchuka chifukwa chosaopa akuluakulu. Wina ndi Di Renjie wa mu ulamuliro wa Tang. M'nthano za m'zaka za m'ma 1800, woweruza Bao amathandizidwa ndi anthu a malupanga amene amalowa m'nyumba za olemera usiku kukafuna umboni umene wamkulu wa boma sangaufikire. Woweruza anali mutu, a malupanga anali miyendo. Chimene olemba a m'zaka za m'ma 1900 anachita n'kuchotsa woweruzayo, mutu ndi miyendo zikhale za munthu mmodzi.

Amene anachita zimenezi mwaluso kuposa onse ndi Gu Long, mlembi wobadwira ku Hong Kong amene anakhala ndi kulembera ku Taiwan, ndipo anamwalira mu 1985 asanakwanitse zaka 50. Ankawerenga kwambiri mabuku a ofufuza milandu ndi akazitape a kumayiko a azungu. Ziganizo zake n'zazifupi, ndipo ndewu zake nthawi zambiri zimatha ndi kubaya kumodzi. Zimene amachedwa nazo ndi za ndewu isanayambe: ndani watuma ndani, kapu ya mowa ili patebuloyi wathira ndani, mkazi amene akulira pakhomoyu akuliradi kapena ayi. Anthu ake otchuka ndi ofufuza ndithu. Chu Liuxiang ndi mbala yaulemu imene siipha munthu. Lu Xiaofeng ndi munthu amene anzake amamuitana pakachitika zosamvetseka.

Mabuku amenewa anapeza mwini wake pa kanema mwa wotsogolera mafilimu Chor Yuen, wobadwa mu 1934 ku Guangzhou, amene anamwalira mu 2022. Ali pa kampani ya mafilimu ya ku Hong Kong ya Shaw Brothers anatulutsa Killer Clans mu 1976, ndipo itagulidwa kwambiri anapitiriza ndi mafilimu ena oposa 10 ochokera m'mabuku a Gu Long m'zaka zochepa chabe. The Magic Blade inatuluka chaka chomwecho, Clans of Intrigue ndi Death Duel mu 1977. Ambiri mwa iwo wosewera wamkulu anali Ti Lung. Mu Clans of Intrigue, atsogoleri a magulu akufa ndi madzi a chiphe obedwa m'nyumba yachifumu ya akazi okhaokha, ndipo mlandu ukugwera Chu Liuxiang chifukwa ndiye mbala yokhayo imene anthu akuganiza kuti ikanatha kulowamo. Amamupatsa nthawi yochepa kuti apeze wolakwa weniweni. Mbala ikufufuza kuba, ndipo moyo wake ndiwo chikole.

Koma ine imene imandikhudza ndi Killer Clans. Ku Feng akusewera ngati mkulu wa gulu, bambo amene anthu amabwera kwa iye ndi mavuto awo. Adani akumupha anthu ake mmodzimmodzi, ndipo zikuonekeratu kuti wina wa m'nyumba momwemo ndiye akutulutsa zinsinsi. Wompereka atadziulula, mkuluyo atavulala kale, bedi limatseguka ndipo iye amagwera m'njira ya pansi pa nthaka imene anakonzeratu zaka zambiri m'mbuyomo. Kumeneko kuli anthu amene akhala akudikira tsiku limeneli moyo wawo wonse, osadziwika ndi wina aliyense, ena okonzeka kufa kuti njirayo isaululike. Filimu imodzi yomweyo ikukuonetsani kusakhulupirika kwa munthu amene ankadya naye mbale imodzi, ndi kukhulupirika kwa anthu amene sanawaone kwa zaka. Ndikaionera sindikhala ndi chidwi chenicheni ndi amene apambane ndewu yomaliza. Ndimakhala ndikudzifunsa kuti bambo ameneyu ankadziwa zingati, ndipo anayamba liti kukayikira.

Mawu akuti wakupha ndi mnansi tonse timawadziwa. Ku jianghu, kumene anthu amalumbirirana ubale ndipo ulemu kwa mphunzitsi uli ngati ulemu kwa bambo wokubala, kupereka mnzako ndi mlandu woposa kupha. N'chifukwa chake yankho la chinsinsi m'mafilimuwa limawawa. Wofufuza akapeza dzina, amapeza ndithu la munthu amene amamukonda, ndipo palibe wapolisi woti amutengere kundende. Ayenera kusolola lupanga yekha.

Tsono za maonekedwe. Woonera watsopano amazindikira msanga kuti mitengo si yeniyeni, mwezi ndi nyali, ndipo thambo ndi nsalu yopakidwa utoto. N'zoona. Shaw Brothers inali ndi situdiyo yaikulu ku Clear Water Bay, imene mkulu wa kampaniyo, Run Run Shaw, anatsegula mu 1961, ndipo Chor Yuen ankajambula pafupifupi chilichonse m'kati mwa nyumba. Ankadzaza malo ndi utsi wokhala ngati nkhungu, masamba ofiira, timilatho ndi timaiwe, n'kuika kamera kuseri kwa nthambi kapena katani, moti inu mumaona anthu ngati mukusuzumira. Ena amati kunali kupulumutsa ndalama ndi nthawi, ndipo mbali ina n'zoona, poti mvula ndi dzuwa sizisokoneza ntchito ya m'nyumba. Koma kwa nkhani yofufuza, dziko lotsekeka chonchi ndi mphatso. Mulibe chinthu cholowa mwangozi. Duwa likaoneka pakona, wina analiika, choncho diso lanu limaphunzira kukayikira chilichonse. Khoma likhoza kutembenuka, wogulitsa chakudya pamsewu akhoza kukhala wakupha wolembedwa ganyu. Tang Chia, amene ankakonza ndewu za mafilimu ambiri a Chor Yuen, ankapanga zida zonamiza maso momwemo: chinthu chooneka wamba chotulutsa mipeni, lupanga lobisa linzake.

Chor Yuen asanayambe zimenezi, wotsogolera mafilimu wina, King Hu, anali ataonetsa kale kuti nyumba ya alendo ndi bwalo labwino la chinsinsi. Dragon Inn ya mu 1967, yojambulidwa ku Taiwan, ikuchitika mu 1457. Nduna Yu Qian yaphedwa, ana ake akupirikitsidwa kumalire, ndipo apolisi achinsinsi a mdindo wamphamvu wa kunyumba ya mfumu afika kale panyumba ya alendo kukawadikira, atavala ngati anthu wamba. Kenako alendo ena amayamba kufika mmodzimmodzi. Kwa nthawi yaitali palibe amene akusolola lupanga. Akulonjerana mwaulemu, akuitanitsa chakudya, mowa wathiridwa chiphe, wina akuchenjeza mnzake mobisa. Aliyense akuyeza mnzake.

Monga wolumikiza zithunzi, apa m'pamene ndimaphunzitsira. King Hu anatengera zambiri ku masewero a pasiteji a ku Beijing, ndipo ndewu zake zimayenda ngati gule wotsatira ng'oma. Munthu akamalumpha, wosewera amadumpha pa trampoline yobisika, chinsalu chokungidwa chimene chimamuponya m'mwamba, ndipo chithunzicho amachidula chisanathe: mukuona phazi likunyamuka, kenako mkanjo ukudutsa m'mwamba, kenako munthu watera kale kuseri kwa mdani. Zidutswa zina n'zosakwana sekondi. Ubongo wanu ndiwo umalumikiza, n'kukuuzani kuti mwaona munthu akuuluka. Njira yomweyi ndi imene nkhani yofufuza imagwiritsa ntchito. Amakuonetsani dzanja likuthira mowa, n'kudula asanakuonetseni nkhope. Inu mumaikapo nkhope ya amene mukumukayikira, ndipo pamapeto mumapeza kuti munadzinamiza nokha, filimu sinaname.

Ambiri a ife mafilimu achitchaina tinawadziwira m'mavidiyo sho, pa benchi, ndipo masiku ano alipo ochuluka omasuliridwa m'Chichewa. Luso la omasulirawo ndimalilemekeza, chifukwa afikitsa mafilimu kwa anthu amene sakanawamva. Koma mtundu uwu umavulala msanga womasulira akasiya mawu a osewera n'kuyamba nthabwala zake. M'filimu ya kubwezera, ngakhale mutatseka mawu, nkhani mumaitsata. M'filimu ya Chor Yuen chiganizo chimodzi chonenedwa pakumwa tiyi ndicho kiyi wa zonse, ndipo chikatayika, mapeto amaoneka ngati ongogwa kumwamba. Matepi akale anali ndi vuto linanso: ankadula m'mbali mwa chithunzi chotambalala kuti chikwane pa TV, choncho munthu woima pakona akumvetsera mobisa sankaoneka n'komwe.

Mtunduwu sunafe. Wotsogolera mafilimu Tsui Hark anatulutsa filimu yake yoyamba mu 1979, The Butterfly Murders, ya imfa zonamiziridwa agulugufe, ndipo mu 2010 anabweretsanso Di Renjie pa kanema, Andy Lau akusewera ngati Di Renjie wofufuza nduna zimene zikuyaka moto zokha. Akale aja nawo anawakonzanso: kuyambira 2002 kampani ya Celestial Pictures inayamba kutulutsa mafilimu a Shaw Brothers atatsukidwa, chithunzi chili chathunthu m'lifupi mwake. Mukafuna kuyamba, pezani amenewo, okhala ndi mawu a Chimandarini (Chitchaina) ndi mawu olembedwa m'munsi. Yambani ndi Five Deadly Venoms, muimitse filimu ikafika pakati, ndipo aliyense m'nyumbamo atchule amene akumuganizira kuti ndi chinkhanira musanapitirize.